Mukalemba za gofu, musaiwale onyamula zikwama

A Mkonzi,

Nyuzi yanu ndimaiwerenga pa foni kuno ku Johannesburg ndikamadikira takisi m'mamawa. Tsamba la masewero ladzaza mpira wamiyendo ndi ntchemberembaye, ndipo sindikudandaula. Koma gofu mukamulemba, timangoona mabwana a zipewa akugwirana chanza ndi kupatsana cheke. Ine ntchito yanga ndi ya caddie, kunyamula chikwama cha ndodo pamsana maenje onse 18, chaka chachisanu ndi chimodzi tsopano. Ndiloleni ndiwauze awerengi anu za munthu amene anayambira pomwe ndili panopa.

Dzina lake Papwa Sewgolum, mmwenye wa ku Durban. Nkhani yake ndinaimva kwa mdala wina wachizulu amene timagwira naye ntchito, tsiku lina mvula itatitsekera m'kashedi. Papwa anakulira mu umphawi, sukulu sanapite nayo patali, anali caddie ngati ife. Ndodo ankagwira mopingasa, dzanja lamanzere pansi pa lamanja, kagwiridwe kamene mphunzitsi aliyense angakuletseni tsiku loyamba. Ndinayesako ine bwana wanga atatembenuka. Mpira unathera m'damu.

Ndi kagwiridwe komweko anapita ku Ulaya n'kukapambana mpikisano wa Dutch Open mu 1959, n'kubwerezanso mu 1960 ndi 1964. Kwawo kuno anatenga Natal Open mu 1963, ndipo mu 1965 anaitenganso atagonjetsa Gary Player, mwana wa Johannesburg mommuno, yemwe panthawiyo anali atatenga kale Open ya ku Britain mu 1959 ndi Masters mu 1961. Taganizani, a Mkonzi, wonyamula chikwama kugwetsa chimphona chotere!

Chimene chimandiwawa ndi cha chikho. Malamulo a tsankho sankalola mmwenye kulowa m'nyumba ya kalabu. Ndiye ku Durban Country Club anam'patsira chikho chake panja mvula ikugwa, azungu amene anawaposa ali phee m'kati mouma. Chithunzi chake chinafika m'nyuzi za maiko ambiri. Mdala uja pofotokoza apa anangoti kukamwa gwa, n'kuloza mvula yomwe inkatidonthera kudenga. Boma la tsankho pambuyo pake linayamba kum'tsekera mipikisano ya azungu, ndipo Papwa anamwalira mu 1978 ali wosauka. Lero ku Durban kuli bwalo la gofu la dzina lake, koma mwini wake sanalione likutchedwa choncho.

Tsopano kumudzi kwathuko. Ku Lilongwe, ku Blantyre, ku Zomba, ku Mulanje kuli mabwalo a gofu, ndipo paliponse pali anyamata onyamula zikwama. Iwowa ndi amene amadziwa kumene udzu wapendekera, amadziwa mphepo ikachokera kuphiri kuti ndodo yoyenera ndi iti. Bwana amafunsa iwo asanamenye. Ena amaphunzira kumenya ndi ndodo imodzi yokha yakale, madzulo anthu atapita.

Pempho langa ndi lakuti mutumize mtolankhani wanu akacheze nawo. Awafunse ngati amapatsidwa tsiku losewera pabwalo, awafunsenso amene amamenya bwino kuposa onse pakati pawo, dzina lake tilione m'nyuzi. Ine ndikabwera pa Khirisimasi ndibweretsa ndodo zitatu zimene bwana wina anafuna kutaya, ndizisiya kwa mnyamata ameneyo.

Ine wanu,
Wonyamula zikwama,
Johannesburg