Ana athu ku yunivesite akuwerenga, koma ndani anawaphunzitsa kawerengedwe kake?

Akonzi,

Ndiloleni ndiyankhulepo pa nkhani ya ana athu amene amalowa yunivesite atakhoza bwino zedi kusekondale, koma chaka choyamba chisanathe mukumva kuti ali ndi sapu zitatu (mayeso obwereza a makosi amene alephera), ena abwereza chaka, ena awauza kuti alongedze katundu azipita. Tikamva choncho timafulumira kunena kuti mwanayu wayamba chibwana, ufulu wamupweteka, mwina ndi mowa kapena zibwenzi. Alipo otero, sindikukana ayi. Koma ambiri amene ine ndawaona ndi ana akhama, ogona pa buku mpaka maso psuu, chabe kuti palibe anawakhazikapo pansi nkuwauza kuti kawerengedwe kamene kanawapulumutsa kusekondale kuno sikagwira ntchito.

Ndinaziona ndekha pa mwana wa achemwali anga. Anabwera ku holide atalephera makosi awiri, ali khuma, osafuna nkucheza komwe. Ndati tabweretsa manotsi ako ndione. Abale inu, kukongola kwake! Tsamba lililonse lopakidwa highlighter, apa yachikasu apa yobiriwira apo yapinki, mizere yojambula ndi rula, mwina mawu amene anapulumuka osapakidwa pa tsamba lonse anali asanu okha. Akuti ankolo, mutu umenewu ndinauwerenga kasanu. Ndinatseka kope lija nkulikhalira, ndati chabwino, tandifotokozera ngati ukuuza mng'ono wako wa ku pulayimale, mutuwu ukunena chani kwenikweni? Chiganizo choyamba chinatuluka bwinobwino, chachiwiri anakakamira pakati, kenako ziii, maso kudenga, misozi ili lengelenge. Akuti komatu ankolo ndikamaliona tsambalo ndimadziwa zonse.

Mawu amenewo ndi amene andilembetsa kalatayi. Kulizindikira tsamba si kudziwa zomwe zili m'menemo, zili ngati munthu amene ukakumana naye umati nkhope iyi ndikuidziwa koma dzina osabwera. M'chipinda cha mayeso sakuonetsa nkhope, amakufunsa dzina. Chikomekome cha mkuyu, manotsi okongola aja anamunamiza mwana kuti wakonzeka.

Ndipotu izi si nzeru zanga, anthu anazifufuza kalekale. Katswiri wina wa ku Germany, Hermann Ebbinghaus, ankadziyesa yekha poloweza timawu topanda tanthauzo nkumaona kuti akuiwala msanga bwanji, zotsatira zake anazisindikiza mu 1885. Anapeza kuti munthu amaiwala zambiri m'maola oyambirira omwewo ndi tsiku loyamba, kenako kuiwalako kumayenda pang'onopang'ono, komanso kuti ukabwereza chinthu pa masiku osiyanasiyana chimakhazikika bwino kuposa kuchibwereza kambirimbiri nthawi imodzi. Ndiye taganizani mwana amene waphunzira mutu sabata yachiwiri ya semesita nkudzautsegulanso kutatsala masiku atatu kuti alembe mayeso, ameneyo sakubwereza ayi, akuyamba kumene.

Mu 2006 Henry Roediger ndi Jeffrey Karpicke a ku Washington University ku St. Louis anapatsa ophunzira nkhani yoti awerenge. Gulu lina linaiwerenga mobwerezabwereza, lina linawerenga kamodzi kenako nkumayesa kulemba zomwe likukumbuka pepala litachotsedwa. Atawayesa patapita mphindi 5, obwereza aja ndi amene anachita bwino. Koma patatha sabata zinatembenuka, odziyesa aja anakumbuka pafupifupi 61 pa 100 pomwe obwerezawo anakumbuka 40 pa 100 basi. Chimene chimandikhudza ine pa kafukufuku ameneyu ndi choti obwereza aja ndi amene ankadzikhulupirira kwambiri kuti adzakumbuka. Ndendende mwana wa achemwali anga. Kenako mu 2013 John Dunlosky ndi anzake anaunika njira 10 zimene ophunzira amagwiritsa ntchito, ziwiri zokha ndi zimene anaziika pamwamba, kudziyesa wekha ndi kugawa kuwerenga pa masiku angapo. Kupaka highlighter ndi kuwerenga mobwereza anaziika pansi, pomwe ndi zimene ana ambiri amadalira.

Nanga ngati zinthuzi zikudziwika chonchi, bwanji mwana amatha chaka chonse ku yunivesite osazimvapo?

Kusekondale mphunzitsi amakudziwa dzina, amakupatsa manotsi, timayeso tapafupipafupi, ukajomba amafunsa. Mwanayo sadziwa kuti amene amamugawira nthawi ndi kumuyesa ndi mphunzitsi, amangoona ngati ndi iyeyo wanzeru. Afika ku yunivesite, holo yadzadza anthu mazana, lecturer akuthamanga ndi ma slide, akamaliza akuti zina mukawerenge nokha ku laibulale, ma slide aja akuponyedwa pa gulu la WhatsApp mwana nkuwasunga mu foni nkumadziona ngati waphunzira. Palibe womufunsa kuti dzulo unali kuti. Thandizo lonse limene analandira ndi sabata ija ya orientation pomwe wina anaima kutsogolo nkunena kuti muzilimbikira, muzisamala nthawi, basi yatha, ndipo sabata imeneyo mutu wa mwana uli pa kusaka pogona ndi kudziwa kuti kalasi yake ili mbali iti.

Pempho langa kwa akuluakulu a mayunivesite ndi loti kawerengedwe kaziphunzitsidwa m'kati mwa kosi yeniyeniyo, ndi lecturer yemweyo amene adzachonge mayeso. Wa chemistry awonetse ana mmene amawerengera chemistry, wa zamalamulo awonetse mmene amawerengera mlandu nkutulutsamo mfundo, chifukwa kuwerenga masamu ndi kuwerenga mbiri yakale si chimodzimodzi. Mphindi 5 zoyamba za kalasi, mafunso atatu a zomwe anaphunzira sabata yatha, aliyense ayankhe pa kapepala buku lili chitsekere, ngakhale osachonga. Zimenezi sizifuna bajeti. Ndikudziwa kuti ma lecturer ambiri ntchito yawachulukira, kalasi imodzi anthu osawerengeka, ndiye sindikuwaloza chala, ndikungoti mphindi 5 zimenezo zingawachepetsere mulu wa mapepala a sapu.

Chachiwiri ndi magulu. Uri Treisman wa ku University of California ku Berkeley m'zaka za m'ma 1970 anafuna kudziwa chifukwa chimene ophunzira ena anzeru ndithu ankalepherera calculus. Anapeza kuti ankawerenga maola ambiri koma aliyense payekha, akasochera palibe womubweza, pomwe amene ankakhoza ankati akawerenga okha amakumananso nkumatsutsana pa masamu omwewo, wina nkuona cholakwa cha mnzake. Ndipo mu 1973 Deanna Martin wa ku University of Missouri ku Kansas City anayambitsa dongosolo loti wophunzira amene anakhoza bwino kosi yovuta azitsogolera timagulu ta amene akuiphunzira kumene. Nzeru yake yomwe ndimaikonda ndi yoti sankasankha ana ofooka, ankasankha makosi ovuta, aliyense wa mu kosiyo nkukhala wolandiridwa. Izi nzofunika kwambiri chifukwa mwana amene moyo wake wonse wakhala nambala wani m'kalasi sangapite pa chitseko cholembedwa kuti thandizo la olephera, bola afe nalo vuto lakelo. Timati safunsa anadya phula, koma nafenso tiziona kuti pofunsirapo tapakonza bwanji. Ndipo gulu lomwe ndikunena si lija loti mmodzi akuyankhula ena asanu akukopera, aliyense azibwera atayesa kale yekha.

Komanso musadikire mayeso omaliza kuti mudziwe kuti mwana akumira. Assignment yoyamba ikalephereka, kapena mwana wasowa m'kalasi masabata awiri, wina amuitane amufunse. Nthawi zina vuto si buku nkomwe, ndi nkhawa ya fizi, matenda kunyumba, kapena mtima wasweka, ndipo mwana wotero ngakhale mutamuphunzitsa njira zonse za kawerengedwe sizilowa mpaka wina amumvere kaye.

Kwa inu ophunzira, chonde tulo musatione ngati mdani. Ubongo umakhazikitsa zomwe mwaphunzira pamene mukugona, ndiye kuchezera usiku onse mawa kuli mayeso kuli ngati kutunga madzi m'dengu. Foni nayo muziisiya patali mukamawerenga, osati kungoitembenuza pa tebulo. Ma past paper muziyamba nawo semesita ikadali pakati, muziyankha buku lili chitsekere, zikavuta musakhumudwe, kuvutikako ndi kumene kukusonyezani pomwe pali dzenje nthawi yokonza ikadalipo.

Ife makolo nafenso tili ndi mbali yathu. Tikaimba foni funso lathu ndi limodzi, ukuwerenga? Mwana ati eya, ndipo sakunama. Ine ndinasintha, pano ndimati tandiuza chimodzi chimene waphunzira sabata ino, ngakhale kosi yakeyo sindiidziwa mutu wake ndi mchira wake, ndimamvetsera basi nkumafunsa kuti chifukwa chani, nanga zikatere zimatha bwanji.

Mwana wa achemwali anga uja holide yonse tinkachita zomwezo. Awerenge mutu umodzi, atseke kope, atenge pepala loyera alembe zonse zimene akukumbuka, kenako atsegule aone zomwe wasiya, patapita masiku awiri abwererenso pa mutu womwewo. Sabata yoyamba ankakwiya nane chifukwa pepala limangodzadza theka, amati njira yanuyi ankolo ikundionetsa ngati mbuli. Sapu zonse ziwiri anakhoza. Atabwerera kusukulu anandiimbira kuti anzake anayi a chaka choyamba akumakumana naye Lachitatu lililonse madzulo, aliyense ndi pepala lake loyera, ndipo anandifunsa funso limene ndikulipereka kwa akuluakulu a mayunivesite kudzera mu nyuzipepala yanuyi: ankolo, bwanji sanatiuze zimenezi sabata yoyamba?

Ine wanu,
Kholo lokhudzidwa