Zitsamba za mtima ziyambe zayezedwa

A Mkonzi,

Nkhani yoti asayansi akufufuza mankhwala ochokera ku zomera okonza mtima isapangitse anthu kutaya mapiritsi awo a BP. Amalume anga anasiya kumwa mapiritsiwa atagula botolo la madzi obiriwira pamsika ati limatsuka mtima, mapeto ake miyendo inatupa mpaka nsapato osalowa. Inde digoxin, mankhwala a mtima a kuchipatala, amachokera ku chomera cha foxglove, koma uja amayeza mlingo mosamala zedi, ukangopyola pang'ono mtima umayamba kugunda mosokonekera, ndiye botolo losalemba kanthu tingadziwe bwanji mphamvu yake? Komanso mnofu wa mtima ukafa umasanduka chipsera, suphukanso wamba.

A PMRA, bungwe loona za mankhwala m'dziko muno, aziyendera ogulitsawa kuno kumudzi ndikuyeza zili m'mabotolomo, ndipo mawayilesi asiye kuulutsa malonda a mankhwala osayezedwa.

Wodandaula,
Mulanje