Ana a pansi pa maambulera nawonso ndi antchito

Akonzi,

Ndipatseniko malo m'nyuzipepala yanu ndinenepo za ntchito za masiku ano, makamaka zomwe ana athu akugwira kuno ku Lizulu. Ndikuona ngati akuluakulu oona za ntchito sakuziwerengera n'komwe kuti ndi ntchito.

Aliyense woyenda mumsewu wa M1 amadziwa Lizulu chifukwa cha mbatatesi, kabichi, tomato ndi karoti. Koma zaka zapitazi pakati pa milu ya ndiwoyo pamera maambulera, ofiira a Airtel Money ndi obiriwira a Mpamba. Pansi pake pamakhala katebulo, kabuku kolembamo, ndi mtsikana kapena mnyamata ali ndi mafoni awiri kapena atatu m'manja. Ambiri mwa anawa adalemba MSCE, ena adakhoza bwino ndithu. Wodutsa amayesa kuti bizinesiyo ndi yawo, chonsecho ambiri angolembedwa. Layini ndi ya wina, ndalama zoyendetsera, zomwe eniake amati floti, ndi za wina. Mwiniwakeyo mwina ndi mphunzitsi, mwina ndi wamalonda wokhala ku Lilongwe amene amabwera mwa apo ndi apo, kapena osabwera kumene.

Mwana wa mchemwali wanga ndi mmodzi mwa iwo, n'chifukwa chake nkhaniyi ndikuidziwa mkati mwake. Amadzuka kusanache, chifukwa mavenda obwera ndi malole kudzapikula mbatatesi amafuna kutapa ndalama m'mamawa, ndipo mlimi naye akangogulitsa amafuna kuziika pafoni asanabwerere kumudzi. Amene adagonapo ku Lizulu mwezi wa June kapena July akudziwa kuzizira kwake, nkhungu itaphimba msewu wonse. Mwanayu amakhala pomwepo mpaka mdima, wopanda ola lodziwika lodyera nkhomaliro, ndipo akafuna kupita kuseri amachita kunyamula chikwama cha ndalama ndi mafoni onse. Akafika kunyumba ntchito siinathe. Ajambule tsamba la kabuku kaja, atumize kwa bwana pa WhatsApp, bandulo yake wagula yekha. Masamu akapanda kugwirizana, foni imalira anthu atagona kale. Wina akamupatsira ndalama yachinyengo, kapena kumupusitsa ndi uthenga wabodza wooneka ngati ndalama zalowa, imeneyo amati shoti, ndipo amamudula pamalipiro mwezi ukatha. Akadwala malungo, masiku amenewo salipidwa. Lamulungu ndi tsiku lantchito ngati ena onse.

Nditamufunsa ngati bwana wakeyo adamupatsa kalata ya ntchito, adaseka. Adati, "Malume, mukufuna andichotse? Anzanga angati akungodikira mpando womwewu?" Ndidasowa chomuyankha, chifukwa amanena zoona.

Ndisamveke ngati nkhalamba yongolirira zakale. Zakalezo ndikuzidziwa, sizidali zokoma. Atate anga adapita ku Wenela, kumigodi ya ku Joni, ngati amuna ambiri a kuno ku Ntcheu, n'kubwerako ndi njinga, bokosi lachitsulo ndi chifuwa chomwe sichidawasiye mpaka kumanda. Mu 1974 ndege yonyamula anthu a kumigodi idagwa ku Francistown m'dziko la Botswana, n'kupha Amalawi oposa 70, ndipo Kamuzu adaletsa zolemba anthu kupita ku Joni. Pambuyo pake ulendowo udayambiranso kudzera ku bungwe lolemba anthu a kumigodi la Teba, mpaka udatheratu mu 1988. Ena mwa madala amenewo mpaka lero akulondolabe ndalama zawo. Komabe ngakhale ntchito yankhanza ngati imeneyo, munthu ankadinda chala papepala, ankakhala ndi nambala, ankadziwa tsiku lomwe kontirakiti yake ithere ndiponso dzina la yemwe wamulemba. Pamene pali pepala, mpomwe munthu amayambira kudandaula.

Ine ndidagwira ukalaliki ku boma zaka zambiri. Muofesi mwathu mudali amayi otaipa makalata ndi mapepala a kaboni, mudali mesenjala ndi njinga yake, mudali munthu amene ntchito yake yonse idali kulumikiza matelefoni. Kompyuta ndi foni ya m'manja zitabwera, ntchito zimenezo zidachepa pang'onopang'ono, zina n'kutheratu. Chomwe ndimakumbukira kwambiri n'chakuti nthawi yoweruka ikakwana, ndinkakhoma kabati, ntchito n'kutsala mmenemo. Bwana akandifuna usiku ankachita kutuma munthu, ndipo pa chifukwa chimenecho sankandifuna wamba.

Foni yachita zabwino zambiri, sindingakane. Mlimi wa ku Tsangano lero amaimba kaye ku Lilongwe kuti amve mtengo wa thumba la mbatatesi asanakambirane ndi venda, ndipo sayendanso ndi mpukutu wa ndalama m'sokosi. Achinyamata oposa 200 omwe adakwera ndege mu November 2023 kukagwira ntchito m'minda ya ku Israel amalankhula ndi makolo awo maso ndi maso pafoni, pomwe kalata ya atate inkatenga masabata kuti ifike, n'kuchitanso kufuna wotiwerengera. Koma foni yomweyo yagwetsa mpanda womwe udalipo pakati pa kuntchito ndi kunyumba. Mliri wa Covid-19 utafika mu 2020, a m'maofesi a m'tauni adauzidwa kuti azigwirira ntchito kunyumba, misonkhano n'kumachitikira pa Zoom. Mliri udapita, chizolowezi chidatsala. Funsani aphunzitsi ndi alangizi a kuno kumudzi kuti mauthenga ofuna malipoti amawapeza nthawi yanji, ndipo mayunitsi otumizira amagula ndani.

Malamulo tili nawo, ndipo pamapepala ndi abwino. Lamulo lolembana ntchito la mu 2000 limati munthu asapitirire maola 48 pasabata popanda ovataimu, limapereka tchuthi cha pachaka, cha matenda, komanso masabata 8 kwa mayi woyembekezera ali pamalipiro. Lamulo la penshoni la mu 2011 lidati bwana azisonkha 10 peresenti, wantchito 5 peresenti. Mu 2021 Nyumba ya Malamulo idathetsa utenanti wa m'maesiteti a fodya, womwe udazunza mabanja ambiri. Malipiro otsikitsitsa adakwera kufika pa K90,000 pamwezi mu 2024, kenako K126,000 mu 2025. Tsono pitani pamaambulera paja mukafunse amene adaonapo ndalama zotere, kapena amene adamvapo za penshoni.

Mabwana ake ali ndi yankho lokonzeratu. Amati uyu si wantchito, timangogawana komishoni, kapena amati ndi mwana wathu yemwe, tikungomuthandiza asamangokhala. Ine maganizo anga ndi awa: ngati wina ndiye amakuuza ola lotsegulira ndi lotsekera, ndiye amasunga layini m'dzina lake, ndiye amakudula ndalama zikasowa, ndipo angathe kukuchotsa ndi uthenga umodzi wa pafoni, ameneyo ndi bwana wako, iwe ndiwe wantchito wake, kaya pali ofesi kaya palibe. Kusaoneka kwa bwana sikuchotsa udindo wake.

A kabaza ya njinga zamoto nawo ndi chimodzimodzi. Mnyamata amapatsidwa njinga kuti madzulo alionse azipereka ndalama yomwe adagwirizana, kaya kudali makasitomala kaya kudagwa mvula tsiku lonse. Mafuta ndi ake, apolisi akamugwira ndi zake, ndipo akathyoka mwendo pamsewu mwini njingayo amayamba wafunsa za njinga. N'chifukwa chake amathamanga chonchija ndi kukweza anthu atatu.

Ndinenenso chilungamo pa mbali ya eni mabizinesiwa, poti ena ndi anzanga omwe timapemphera limodzi. Ambiri si anthu olemera. Komishoni ya pa ambulera imodzi ndi yochepa, ndipo kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu November 2023, floti yomwe inkakwanira tsiku lonse idayamba kutha masana asanafike, chifukwa katundu yemweyo adayamba kufuna ndalama zambiri. Mutawakakamiza lero kuti alipire malipiro otsikitsitsa aja kuphatikizapo penshoni, ambiri angopinda ambulerayo, mwana uja n'kubwerera kukakhala pakhomo. Sindikupempha kuti boma libwere ndi chikwapu. Koma kusowa ndalama sikuletsa munthu kupatsa wantchito wake tsiku limodzi lopuma pasabata. Sikuletsa kugwirizana kuti ikakwana nthawi yakuti, foni ya ntchito izithimitsidwa. Ndipo sindiona chifukwa chomwe mwana wolandira ndalama zochepa chonchi azisenzera yekha chitayiko chonse wakuba akamupusitsa, pomwe phindu likabwera sagawana naye mofanana.

Pempho langa likupita ku ofesi za zantchito za ku Ntcheu ndi ku Dedza, poti Lizulu ali pafupi ndi malire a maboma awiriwa. Kale mkulu woona za ntchito ankayendera esiteti kapena fakitale, n'kupeza antchito onse pamalo amodzi. Lero antchito amwazikana m'misika ndi m'masiteji, mmodzimmodzi, aliyense ndi bwana wakewake. Kudikira kuti mtsikana wa pa ambulera atseke bizinesi, akwere minibasi ndi ndalama zake kukadandaula ku boma, n'kudikira chinthu chomwe sichidzachitika. Bwerani tsiku la msika, muitane eni malayini, eni njinga ndi anawo, muwafotokozere m'Chichewa zomwe lamulo likunena. A bungwe la MCTU, lomwe ndi mgwirizano wa mabungwe a antchito, ndi a bungwe la MUFIS, lomwe limaimira anthu a ntchito zosalembetsedwa, nawonso atsike kuno, asamathere m'misonkhano ya m'mahotela.

Ndipo pakonzedwe fomu ya tsamba limodzi, ya m'Chichewa, yoti bwana ndi wantchito azisainirana: ola lolowera, ola lowerukira, tsiku lopuma, malipiro ake ndi tsiku lolandirira, komanso yemwe alipire ndalama zikabedwa kapena njinga ikachita ngozi. Mafomuwo azisiyidwa kwa wapampando wa komiti ya msika ndi kwa wapampando wa siteji ya kabaza, ndipo iwowo azikhala mboni posainirana.

Kalaliki wopuma,
Lizulu, Ntcheu