Kalata Yodandaula za Makompyuta Oyendetsa Makina Omwe Sakuimitsa Pulogalamu Ikatha Nthawi Yake

Kwa Mkulu wa Nthambi Yothandiza Makasitomala,

Bwana,

Ndikulemba m'malo mwa fakitale yathu kudandaula za makompyuta oyendetsa makina omwe tinagula kukampani kwanu. Kernel ya Linux (phata la pulogalamu yaikulu yoyendetsa kompyuta, lomwe limagawira mapulogalamu nthawi pa purosesa) imene munaikamo ikuchedwa kuimitsa pulogalamu yoyendera SCHED_DEADLINE (njira yopatsa pulogalamu iliyonse nthawi yakeyake yoikika) ikamaliza nthawi yomwe yapatsidwa. Tinasankha katundu wanuyu chifukwa kabuku kanu kamalonjeza kuti pulogalamu imodzi ikasokonekera singadye nthawi ya inzake, ndipo imeneyi ndiyo ntchito yomwe SCHED_DEADLINE inabwerera pamene inalowa mu Linux 3.14 m'chaka cha 2014.

Pulogalamu yowerenga masensa tinaipatsa runtime (nthawi yololedwa kugwira ntchito) ya mamilisekondi 2 pa period (chigawo cha nthawi chobwerezabwereza) iliyonse ya mamilisekondi 10. Titaizunguliritsa dala osaima, trace-cmd, pulogalamu yolemba zomwe kernel ikuchita, inaonetsa kuti ikukakamira pa purosesa mpaka mamilisekondi 5, pomwe pulogalamu yoyendetsa mota ya lamba inaphonya deadline yake (nthawi yomwe imayenera kukhala itamaliza ntchito), mabotolo n'kuyamba kugundana. Gwero lake talipeza. Pulogalamu ikamagwira osapuma, kernel imadikira tick (kugunda kwa wotchi yake) kuti izindikire kuti runtime yatha, ndipo inu munaimanga ndi CONFIG_HZ=250, kutanthauza kuti tick imabwera pakapita mamilisekondi 4. N'zoona kuti nthawi yopyolayo kernel imadzaichotsera pa runtime yotsatira, koma zimenezi siziithandiza mota yomwe yachedwa kale. Linux ili ndi njira yotchedwa HRTICK_DL, yomwe imatchera hrtimer (wotchi yolondola kwambiri) pa nthawi yeniyeni yomwe runtime ithere, koma mu kernel yanuyi ndi yozimitsa, ndipo ife sitingathe kuiyatsa popeza debugfs, pomwe imayatsidwira, munaichotsa.

Chomwe chatiwawa kwambiri ndi yankho la amisiri anu. Anatiuza kuti tilembe -1 mu fayilo ya kernel yotchedwa sched_rt_runtime_us, ati vuto litha. Kutero kumangochotsa malire a 95 peresenti omwe amaletsa kernel kulandira mapulogalamu oposa mphamvu ya purosesa, ndipo sikukhudzana n'komwe ndi kuimitsa pulogalamu pa nthawi yake. Tikanamvera langizoli tikanangoonjezera ngozi pa makina omwe anthu amagwirapo ntchito ndi manja. Titawafotokozera zimenezi ndi kuwatumizira zolemba za trace-cmd, anangotseka dandaulo lathu osayankhanso.

Choncho tikupempha kuti mutitumizire kernel yomangidwanso yokhala ndi debugfs komanso hrtimer yogwira ntchito, kuti tiyatse HRTICK_DL n'kuyesanso tokha. Tikufunanso source code (malemba opangira pulogalamu) ya kernel yanuyi pamodzi ndi .config yake (fayilo ya zosankha zomangira kernel), zomwe layisensi ya Linux, GPL version 2, imakulamulani kupereka kwa aliyense amene mwamugulitsa, koma mpaka lero simunatipatse. Ngati zimenezi simungathe, tiuzeni polemba komwe tingabweze makompyutawa ndi tsiku lomwe mudzatibwezere ndalama zathu. Padakali pano makinawa tikuwayendetsa pang'onopang'ono, ndipo katundu yemwe tikulephera kupanga tikumulemba m'kaundula.

Ine wanu,

Injiniya Woyang'anira Makina