Lipoti la msonkhano wa ku Tete wa kalembedwe ka anthu ntchito

A wapampando, akomiti ndi anzanga nonse a gulu lathu la achinyamata kuno ku Ulónguè,

Munandituma ku Tete ndi funso limodzi: bwanji timatumiza makalata ofunsira ntchito chaka ndi chaka koma osaitanidwa ngakhale ku entrevista (mafunso a pamaso ndi pamaso)? Yankho ndabwera nalo, ndipo ndi lowawa. Ambiri a ife timagwera pa mapepala, munthu wa kampani asanatione n'komwe nkhope.

Pamsonkhanopo panali oyang'anira antchito a m'makampani a malasha, a fodya ndi a zomangamanga, akuluakulu a boma oona za ntchito, komanso nthumwi za achinyamata za ku Moatize, Changara, Macanga ndi Tsangano. Zoyankhula zotsegulira ndizidumpha. Chimene chinandigwira mtima ndi kufotokoza kwa mayi wina amene amalemba anthu ntchito pa kampani ina ya migodi.

Mayiwo anati ntchito imayamba pamene mkulu wa gawo lina wapempha munthu, n'kulemba zimene munthuyo ayenera kukhala nazo. Kenako vaga (mpata wa ntchito) imalengezedwa ku centro de emprego ya INEP, bungwe la boma lothandiza ofuna ntchito, m'nyuzipepala, pa intaneti, nthawi zina pa wailesi. Kalata imene yasiyidwa kwa mlonda pageti popanda vaga yolengezedwa ilibe poikidwa, imangokhala. Anatikumbutsanso kuti ntchito zambiri za pamgodi sapereka ndi mwini mgodi. Ife timangoloweza mayina akuluakulu, monga Vulcan imene inagula mgodi wa ku Moatize kwa Vale mu 2022, kapena HCB, kampani ya magetsi ya ku Songo, pamene ulonda, kuphika, kukonza makina, kumanga ndi kunyamula antchito kawirikawiri zimakhala m'manja mwa makampani ena amene anapatsidwa ntchitozo. Kumeneko ndiye kumene munthu amene anamaliza kalasi ya décima kapena décima segunda angayambire, koma mayina awo sitiwadziwa.

Makalata akaunjikana, kusefa koyamba kumachitika mofulumira, ndipo wosefayo sayang'ana nzeru za munthu. Amayang'ana chimene chikusowa. BI (chiphaso cha unzika) yatha masiku, NUIT (nambala ya msonkho) palibe, kope ya setifiketi sinadindidwe kwa notário, registo criminal ndi yakale (pepala limeneli, losonyeza ngati munthu anapezekapo ndi mlandu, limatha mphamvu pakapita miyezi yochepa), currículo ndi ya masamba ambiri koma yosanena ntchito imene munthu akuifuna. Ndipo pali nkhani ya foni. Ife a kumalire, ku Calómuè ndi ku Domué, ena timalemba nambala ya ku Malawi chifukwa ndiyo imagwira kumudzi. Mayiwo ananena mosabisa kuti akaimba osakupeza amapita kwa wotsatira pamndandanda. Zinandipweteka kuganiza kuti mwina anzathu ena anasankhidwapo kale koma sanamve.

Ndinafunsa za anzathu amene anaphunzira ku Dedza kapena ku Ntcheu ndipo ali ndi MSCE. Yankho linali loti setifiketi ya dziko lina imafunika equivalência, pepala loivomereza kuti ikufanana ndi ya kuno, yochokera ku unduna wa zamaphunziro, ndipo ndi bwino kuiyamba msanga, osadikira kuti vaga ituluke. Koma anzathu amenewa asataye mtima. Chingerezi chawo ndi chuma pamalo pamene akuluakulu ena a ntchito ndi ochokera kunja, bola achilembe mu currículo ndipo Chipwitikizi asachinyalanyaze.

Nkhani imene tinakhalitsapo ndi ya luso lopanda pepala. Pakati pathu pali owotcherera zitsulo, amisiri omanga, oyendetsa mathirakitala, anthu amene manja awo amadziwa ntchito kuposa ena a madipuloma. Kampani imayesadi luso pomupatsa munthu chitsulo kapena galimoto kuti aonetse, koma mayeso amenewo amabwera pambuyo pa kusefa mapepala. Wopanda setifiketi safikako. Njira zimene anatchula ndi maphunziro afupiafupi a ku IFPELAC, bungwe la boma lophunzitsa ntchito zamanja, ndipo kwa amene angathe kupitiriza, Instituto Médio de Geologia e Minas ku Moatize ndi Instituto Superior Politécnico de Tete. A zaulimi tili ndi mwayi poti UniZambeze ili ndi sukulu yake konkuno ku Ulónguè. Ngakhale kalata ya bwana wakale yonena kuti munagwira naye ntchito yakuti kwa nthawi yakuti imalemera, choncho tisamachoke pantchito popanda kuipempha. Estágio (kuphunzira ntchito uli pakampani) nayo tisaipeputse, chifukwa ndi imene imadzaza mzere wa experiência umene umatigwetsa tonse.

Za entrevista yeniyeniyo zinali zochepa kusiyana ndi mmene timaiopera. Nthawi zambiri pamakhala woyang'anira antchito ndi mkulu wa gawo limene mukagwireko. Amafuna kumva zimene munachitapo ndi manja anu, ndipo ku migodi amafunsa kwambiri za chitetezo, monga chimene mungachite mutatumidwa pamalo oopsa opanda zovala zodzitetezera. Zonse zimachitika m'Chipwitikizi. Apa ndinaima n'kunena kuti pa ntchito zoyendera alimi a fodya ndi mbatata ku Angónia, Tsangano ndi Macanga, wodziwa Chichewa ndiye amamvana ndi mlimi, choncho chilankhulo chathu chiziwerengedwa ngati luso. Anzathu a ku Macanga anandiikira kumbuyo. Ena mwa olemba ntchito anavomera, koma palibe amene analonjeza kanthu, ndipo maganizo anga ndi akuti tisaleke kuikamba nkhaniyi.

Tsopano zimene aliyense wa ife ayenera kuzisunga. Ntchito sigulidwa. Munthu akakuimbirani kuti dzina lanu latuluka koma mutumize kaye ya refresco pa M-Pesa kapena e-Mola, ameneyo ndi wakuba, ngakhale atatchula kampani yodziwika. Alongo athu, wolemba ntchito akafuna thupi lanu posinthana ndi vaga, umenewo ndi mlandu, ndipo malo okadandaula ndi ku Inspecção Geral do Trabalho kapena kupolisi. Nthumwi za akazi zinaiyankhula nkhaniyi molimba mtima, holo yonse inangoti zii. Kupimidwa kuchipatala musanayambe ntchito n'kololedwa, koma lamulo limaletsa kukakamiza wofunsira ntchito kuyezetsa HIV.

Mkulu wa boma anatifotokozera lamulo latsopano la ntchito, Lei 13/2023, limene linayamba kugwira ntchito mu February 2024 m'malo mwa la 2007. Pa contrato yokhazikika, nthawi yoyesedwa ndi miyezi 2 kwa wantchito wamba, 3 kwa técnico médio, ndi 6 kwa técnico superior ndi akuluakulu. Contrato ya nthawi yoikika ikhale yolembedwa, ndipo iliyonse isapitirire zaka 2. Ku INSS, bungwe la boma la penshoni ya antchito, kumapita 7 peresenti ya malipiro, 3 yodulidwa kwa wantchito ndi 4 yochokera kwa bwana, ndipo ndi udindo wathu kukaona ngati dzina lathu lilikodi. Msinkhu woyambira ntchito ndi zaka 18, ngakhale wa zaka 15 angaloledwe makolo atavomereza. Funso la alendo linabukanso monga mwa nthawi zonse: kampani ya antchito oposa 100 ili ndi malo a anthu akunja okwana 5 peresenti, ndipo kupitirira apo imafunika chilolezo chapadera.

Chimene sindinakhutire nacho n'chakuti msonkhano unakamba kwambiri za makampani akuluakulu. Za sitolo, chigayo, chapa ndi minda ya mbatata, kumene ambiri a ife timalembedwa pakamwa pokha kudzera mwa m'bale kapena mnansi, zinangotchulidwa mothamanga. Koma kumeneko ndiye kumene anthu amachotsedwa popanda malipiro, popanda pepala lililonse loti akaonetse.

Ndikupempha kuti pamsonkhano wathu wa Loweruka aliyense abwere ndi mapepala ake onse, tione pamodzi chimene chikusowa ndi chimene chatha masiku, ndipo amene sanalembetse ku centro de emprego alembetse. Tisankhenso anthu awiri odziwa bwino Chipwitikizi oti aziwerenga ma currículo athu ndi kutiyeseza entrevista, ndi mmodzi woti aziika pa gulu lathu la WhatsApp ma vaga okhawo amene watsimikiza kumene achokera. Funso loti tigwirizane ndi lakuti kodi thumba la gulu lingabwereke membala ndalama ya registo criminal ndi ya chapa yopitira ku Tete akaitanidwa, n'kudzabweza akayamba kulandira. Ine ndikuvomereza, koma a msungichuma atiuze kaye mmene thumba lilili.

Mapepala amene anatigawira kumsonkhano, pamodzi ndi chitsanzo cha currículo ya tsamba limodzi, ndawasiya kwa a mlembi kuti aliyense akathe kukopera.

Zikomo,
Nthumwi yanu