Madzi omvera dzanja la mwana

Achimwene,

Ndikhulupirira muli bwino ku Joni kumeneko pamodzi ndi alamu ndi ana. Ife kuno ku Mangochi tilipo, kungoti kutentha kwafika poti ana m'kalasi amayamba kusinza nthawi isanakwane n'komwe 10 koloko.

Pali chinthu chimene chakhala chikundizungulira m'mutu, ndipo inu amene mumakhalira kukonza mapampu ndi maiwe osambiramo kumeneko ndinu mungandimve msanga. Ku America, m'chigawo cha Florida pafupi ndi mzinda wa Orlando, kuli malo achisangalalo a kampani ya Disney otchedwa EPCOT, amene anatsegulidwa mu 1982. Pa 16 Okutobala 2023 anatsegulako mbali yatsopano yotchedwa Journey of Water, imene anaimanga potengera filimu ya ana ya Moana. Ndakhala ndikuonera mavidiyo ake pafoni, ndipo monga mphunzitsi wa sayansi mtima wanga sukukhazikika.

Malowa alibe chokwera chilichonse. Munthu amayenda wapansi m'kanjira kokhotakhota pakati pa miyala ndi zomera, akutsatira ulendo wa madzi: kuyambira pa mvula, kudzera m'timitsinje, m'dambo, pakasupe, m'nthaka, m'nyanja, mumtsinje waukulu, mpaka kunyanja yamchere, kenako kubwereranso kumitambo. Pamalo ambiri m'njiramo madzi amayankha zimene munthu wachita. Poyambirira pamatsika timizere ta madzi towonda ngati zingwe za bangwe, ndipo mwana akakhudza kamodzi pamamveka kaphokoso ka nyimbo, akakhudza kena pamamveka kena. Pakasupe amaika dzanja pamwamba, madzi n'kutumphuka kulilondola. Akalikweza, nawonso amakwera. Patsogolo pali katani ya madzi otsika kuchokera pamwamba, ndipo munthu akamayandikira mwachifatse madziwo amapatuka, iye n'kudutsa osanyowa. Wothamanga ndiye amanyowa. Anasiyanso kanjira kouma ka anthu osafuna kunyowa, zomwe ndaona kuti n'zaulemu kwa agogo operekeza zidzukulu.

Chimene chinandigwira mtima kwambiri ndi cha kunyanja yamchere. Anthu amaima pamodzi n'kukweza manja, pamenepo funde limaphulika pamiyala patsogolo pawo, ndipo akachuluka fundelo limakula. Anthu osadziwana amayamba kuitanizana kuti bwerani tithandizane. Amene anaganiza zimenezi amawadziwa bwino ana. Mwana saiwala chinthu chimene chinachitika chifukwa iye anatambasula dzanja.

Inu mukudziwa kale kuti palibe matsenga. Pali timakina tobisika tozindikira pamene pali munthu ndi mmene akusunthira, timauza kompyuta, kompyutayo n'kutsegula kapena kutseka mavavu, pampu ili kukankha madzi. Luso lawo lagona pobisa zonsezi kuti mwana aone madzi okha. Cholinga chawo amachinena poyera: kuti munthu aone kuti madzi amazungulira, ndi omwewo amene amabwereranso kwa ife, ndiye ayenera kusamalidwa.

Phunziro limeneli ine ndimaliphunzitsa ndi choko. Ndimajambula mtambo, phiri, nyanja ndi mivi yolozerana, ana amakopera, amaloweza, amakhoza mayeso. Koma mukawafunsa kumene madzi a pansi pa mlatho wa Bakili Muluzi akupita, ambiri amangoti "kumunsi". Zimandipweteka, chifukwa ulendo umene anzathu aja anachita kuumanga ndi simenti ife tili nawo weniweni pakhomo. Mvula imagwa kumpoto ndi ku Tanzania, n'kutsika ndi mitsinje monga Ruhuhu, Songwe ndi South Rukuru, kuphatikizapo Bua ndi Linthipe ya m'chigawo chapakati, n'kulowa m'nyanja ya Malawi. Mtsinje wotulutsa madzi m'nyanja ndi umodzi wokha, Shire, ndipo umayambira kwathu kuno. Umalowa m'nyanja ya Malombe, umadutsa pa Kamuzu Barrage ku Liwonde, umapukusa makina a magetsi ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira, ukathira mu Zambezi, mpaka ku Indian Ocean. Ndipo madzi ochuluka a nyanja yathu sadutsa n'komwe mu Shire, amakwera kumwamba ngati nthunzi chifukwa cha dzuwa ndi mphepo. Ana akamva zimenezi amandiyang'ana mokayika. Mu 2024 nyanja itasefukira n'kulowa m'nyumba ndi m'malo ogona alendo m'mbali mwake, ambiri a iwo ankadabwa kuti madzi akukwerabe bwanji pamene mvula kuno yayamba kale kudukiza. Sankadziwa kuti inali mvula ya kutali ikufika mochedwa.

Mwina mukuti, kumanga malo osewerera madzi m'mphepete mwa nyanja n'kutaya ndalama. Ndinaganizaponso choncho, koma taganizirani ana athu mmene amasewerera. M'madzi osaya a m'mabango ndi mmene mumakhala nkhono zofalitsa likodzo, ndipo tonse tinakula tikuona anzathu akukodza magazi. Mu Shire muli ng'ona ndi mvuu. Mwera ukauka, ngakhale asodzi odziwa nyanja amakokera mabwato kumtunda. Malo ngati aja ubwino wake ndi wakuti madzi sadikha: amathovoka, amagwa pansi, n'kulowa m'ngalande nthawi yomweyo. Mwana wa zaka ziwiri sangamirepo, nkhono sizingakhazikikepo.

Koma pali msampha umene inu mukuudziwa kuposa ine. Malo ambiri otere amabweza madzi omwewo m'thanki, kuwasefa, kuwathira klorini, n'kuwakankhanso. Mwana mmodzi wotsegula m'mimba akasewerapo, tizilombo timapita m'thanki muja. Kachilombo kotchedwa Cryptosporidium kamatha kukhala moyo m'madzi a klorini kupitirira sabata, n'chifukwa chake ena amawonjezera nyali za UV zopha tizilombo. Ife amene tinaona kolera ya 2022 ndi 2023 ikututa anthu m'boma lino sitingachite nazo masewera. Kanyumba ka pampu ndi sefa ndiko kofunika kuposa zokongola zonse zimene alendo amajambula, ndipo kakasowa munthu wokasamalira tsiku ndi tsiku, bola osamanga n'komwe.

Ndiye maganizo anga ndi awa. Sindikufuna makompyuta kapena timakina tozindikira anthu. Zikawonongeka tidzasowa wokonza. Ndikufuna kabwalo kakang'ono ka simenti kuseri kwa sukulu, kopendekeka pang'ono. Kumtunda kwake kukhale pampu yopalasa ndi miyendo, ngati zija alimi amathirira nazo kudimba, yokweza madzi oyera kuchokera m'thanki kupita m'paipi yobowolabowola kuti agwe ngati mvula. Ana awiri kapena atatu azipalasa mosinthana, ndipo akatopa mvula izileka. Madziwo azitsika m'timingalande kulowa m'beseni losaya loumbidwa monga nyanja yathu, lalitali ndi lopapatiza, lokhala ndi potulukira pamodzi pokha kumwera. Pamenepo pakhale kachitseko kathabwa koimira Liwonde. Mwana akakatseka aone "nyanja" ikukwera mpaka kumiza timiyala timene tayika m'mbali ngati nyumba. Akakatsegula kwambiri aone kumunsi kukusefukira. Kumunsiko kukhale kagudumu kozungulira ndi madzi, kolumikizidwa ku dayinamo ya njinga ndi kababu. Ndikufuna mwana aone ndi maso ake babu likuzima chifukwa mnzake watseka madzi kumtunda. Madziwo asabwerere m'thanki. Apite kumunda wa masamba ndi kumitengo ya sukulu, ndipo madzulo bwalo lonse liume.

Apa ndiye ndikufuna nzeru zanu. Paipi ikhale yaikulu bwanji kuti pampu yopalasa ikwanitse kukweza madzi mamita awiri popanda kutopetsa ana a Sitandade 5? Simenti tiikonze motani kuti isaterere ikanyowa komanso isamere ndere? Nanga kagudumu kakang'ono kangazungulire mokwanira kuyatsa babu, kapena pakufunika lamba wowonjezera liwiro? Ngati mungathe, jambulani papepala mmene inu mungachitire munditumizire pa WhatsApp, kuti ndikaonetse akomiti ya sukulu ndi makolo tisanatseke teremu ino. Mukabwera pa Khrisimasi tidzapite limodzi mukaone malowo ndi kutsetsereka kwake.

Mundiperekere moni kwa alamu ndi ana. Mayi anu ndinawaona kumsika, ali bwino, akuti muziimba pafupipafupi.

Ndine mnzanu,
wa ku Mangochi