Kalata Yochokera ku Leicester

Okondedwa Bambo ndi Mayi,

Assalamu alaikum. Ndikhulupirira kuti nonse muli bwino. Ine kuno ndili bwino, Alhamdulillah. Ndalemba kalatayi chifukwa tsiku lija pa foni, nditatchula kuti masiku ena ndimaphatikiza Swala (mapemphero) za Magharibi ndi Isha, ya dzuwa litalowa ndi ya usiku, Bambo munakhala chete kwa kanthawi, kenaka n'kundifunsa ngati ndayamba kupeputsa chipembedzo chimene munandilera nacho.

Chimene chikuvuta ndi dzuwa la kuno. M'mwezi wa June limalowa cha m'ma 9:30 usiku n'kutulukanso 5 koloko isanakwane, ndipo kuyambira chapakati pa May kufikira kumapeto kwa July mdima weniweni sugwa n'komwe, moti nthawi ya Isha ndi ya Fajiri, Swala ya m'bandakucha, zimachita kukhudzana. Ntchito yanga imayamba 6 koloko m'mawa. Chaka choyamba ndinkalimbikira kudikira Isha, n'kumagona maola atatu okha, mpaka tsiku lina makina anatsala pang'ono kunditswanya zala chifukwa ndinkasinza chiimire.

Nditapita kwa Shehe wa mumzikiti wathu, anandiuza kuti funso langa si lachilendo. Mu 1997 anthu ophunzira anakhazikitsa bungwe la European Council for Fatwa and Research, limene likulu lake lili ku Dublin, ndipo tcheyamani wake woyamba anali malemu Yusuf al-Qaradawi. Ntchito yawo ndi kuunika momwe Shariya ingatsatidwire kumene Asilamu ndi ochepa ndipo boma siliyendera chipembedzo chilichonse pa malamulo ake a tsiku ndi tsiku. Pa Chiarabu nkhaniyi amaitcha fiqh al-aqalliyyat. Iwo analola kuphatikiza Swala za Magharibi ndi Isha m'nyengo yotere, potsamira zimene anasimba Ibn Abbas, msuweni wa Mtumiki Muhammad (SAW), kuti Mtumiki (SAW) anaphatikizapo Swala ali ku Madina popanda mantha kapena mvula, pofuna kuti anthu ake asalemedwe. Shehe anandichenjeza kuti masiku akayamba kufupika ndibwerere ku nthawi zake, ndipo ndimaterodi.

Mayi, munadabwanso kuti ine ndi mpongozi wanu tinakalembetsa ukwati kuboma pamene nikaha, ukwati wa Chisilamu, inali itachitika kale. Kuno ku England nikaha yokha, yosatsata ndondomeko ya boma, khoti siliiwerengera ngati ukwati, ndipo khoti la apilo linatsimikiza zimenezi mu 2020. Ine nditamwalira mwadzidzidzi, mkazi wangayo akanaonedwa ngati munthu wongokhala nane basi. Sindinafune kumusiya pa mavuto otere.

Komabe si chigamulo chilichonse chimene mtima wanga walandira. Mu 1999 bungwe lomwelo linanena kuti Msilamu wosowa nyumba yakeyake, amene alibe njira ina, angathe kutenga ngongole ya kubanki yokhala ndi chiwongoladzanja kuti agule nyumba yokhalamo. Anzanga angapo anatero, ndipo sindiwaweruza, popeza lendi imatha ndalama zambiri ndipo pamapeto pake munthu satsala ndi kanthu. Koma ine, amene ndinakula ndikumva Bambo mukudzudzula riba (chiwongoladzanja), dzanja limandilemera kuti ndisaine pepala limenelo, ndipo ophunzira ena ambiri anachikananso chigamulochi. Pakali pano tikhalabe pa lendi.

Chonde kalatayi mukawawerengere a Shehe amene anandiphunzitsa kumadrasa, ndipo zimene anene pa nkhani ya ngongoleyi mundiuze osabisa. Mundiperekere moni kwa achemwali ndi ana onse.

Ndine mwana wanu.